Mwanayo Sanajombe, Sanagwenso

Mlongo wanga anafika kwathu kuno ku Lichinga atafumbata pepala m'manja, mwana wake wamkazi wa zaka 7 ali pambuyo. Unali mwezi wa Juni, nthawi imene chisanu cha pamtunda pano chimalowa mpaka m'mafupa, makamaka kwa munthu wozolowera kufunda kwa kunyanja. Asanakhale n'komwe pansi anandipatsira pepalalo.

"Achimwene, tawerengani izi. Akuti mwanayu ali ndi vuto lojomba. Wajomba liti? Chiyambire sukulu sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, mvula kaya dzuwa."

Papepalapo panali mawu atatu a Chipwitikizi: crise de ausência. Anamumasulira ndi mnyamata wina wa sekondale amene anakhala naye mpando umodzi m'minibasi ija timati chapa. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Kusukulu kwawo ausência ndi kusapezeka m'kalasi, ndiye iye anapereka zimene ankadziwa. Mawu anamasuliradi, koma tanthauzo anatsika nalo osadziwa kuti walinyamula. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Matenda amene pepalalo linkanena ndi awa. Mwana ali mkati molankhula, kaya akutema nsima, kaya akukopera za pabolodi, amangoima mwadzidzidzi. Sagwa, sakuwa, satuluka thovu kukamwa. Maso amakhala otsegula koma saona kanthu. Mukamuitana sayankha, mukamugwira paphewa sacheuka. Nthawi zina zikope zimaphethiraphethira, milomo n'kumayenda ngati akubwatika kanthu m'kamwa. Pakatha masekondi ngati 10, kawirikawiri osapitirira 20, amapitiriza pomwe analekezera, iye osadziwa kuti pachitika kanthu. Zikanakhala za kamodzi pamwezi bwenzi tikungozisiya, koma zimabwera kambirimbiri, kwa ana ena kuposa ka 100 pa tsiku limodzi. Zimayamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 4 ndi 10, ndipo zimagwira atsikana ambiri kuposa anyamata. Amene munamverapo mpira pa wailesi yoduladula mawu mukudziwa mmene zimakhalira: mwamva kuti mpira uli pakati pa bwalo, kenaka mukungomva anthu akukuwa kuti chigoli. Phunziro limafika choncho m'makutu mwa mwana wotere, tsiku ndi tsiku.

Funso langa ndi la chinenero. Chinthu chimenechi tizichitchula chiyani m'Chichewa, kapena kuti Chinyanja monga timanenera tsidya lino la Mozambique? Ena aziona ngati nkhani yocheza nayo pakhonde anthu okonda mawu. Ine ndaona ndi maso anga kuti liwu limene mayi wasankha pakhomo la chipatala limasankhanso mankhwala amene mwana atuluke nawo.

Eni mabuku nawonso linawavuta dzinali. Madokotala a ku France kalelo ankagawa khunyu pawiri, grand mal ndi petit mal, kutanthauza matenda aakulu ndi matenda aang'ono. Mu 1824 dokotala wina wa ku Paris, Louis-Florentin Calmeil, analemba liwu lakuti absence, pofuna kunena kuti thupi lilipo koma mwini wake wachokapo kanthawi. Chingerezi chinalitenga momwemo, Chipwitikizi n'kuliveka zovala zake kukhala ausência. M'zinenero zimenezo liwu limodzi lomwelo limasenza zonse ziwiri, kusapezeka kwa thupi ndi kuchokapo kwa maganizo. Athu aja sasenza ziwiri. Kujomba kuli ndi mlandu m'kati mwake, chifukwa wojomba amachita kufuna. Kusowa ndiye kukuwa kwenikweni: mwana akasowa timamema mudzi wonse kukafunafuna kuthengo ndi m'mbali mwa nyanja. Kusapezeka ndi kwa pamsonkhano ndi pamaliro. Atatu onsewa akunena za thupi, pomwe thupi la mwana wathuyu silinasunthe pabenchi. Womasulira aliyense amene angalembe "khunyu yojomba" kapena "matenda osowa" m'kapepala ka zaumoyo, kapepalako kabwezedwe.

Kodi ndiye tingoti khunyu basi? Kuchipatala ayankha kuti inde, ndipo akunena zoona. Umboni unapezeka kalekale. Hans Berger wa ku Jena ku Germany anafalitsa mu 1929 njira yojambula mphamvu zimene zimayenda mu ubongo, ija imatchedwa EEG. Mu 1935 madokotala atatu ku Boston, Frederic Gibbs, Hallowell Davis ndi William Lennox, anaonetsa kuti mwana akaima chonchi, cholembera cha makinawo chimajambula mafunde ofanana atatu pa sekondi iliyonse, mbali zonse ziwiri za ubongo nthawi imodzi, kenaka n'kusiya mwadzidzidzi monga chinayambira. Choncho ndi khunyu ndithu, si ulesi, si mwano, si ziwanda.

Vuto n'lakuti liwu lathu lakuti khunyu limabwera ndi chithunzi chake. Munthu akalimva amaona wina ali pansi, thupi lauma gwa, miyendo ikuphupha, thovu kukamwa, lilime walumidwa ndi mano ake omwe. Dzina lake lina ndi matenda akugwa, ndipo dzinali silibisa kanthu. Ngakhale omasulira Buku Lopatulika la 1922 analiika pa mnyamata wa pa Mateyu 17 uja, amene ankagwera pamoto ndi m'madzi, moti aliyense wokulira m'tchalitchi chithunzicho chinamukhazikika. Ndiye muuzeni mayi kuti mwana wanu ali ndi khunyu, mumve yankho: "Ayi adokotala, wangayu sanagwepo." Atuluka akupukusa mutu, mankhwala n'kukawaponya pansi pa mphasa. Wina akhulupirira, koma ndiye akhulupirira mopitirira. Akamupatulira mwana mbale ndi kapu yakeyake, akamuletsa kugona ndi abale ake, chifukwa anamva kwa agogo kuti khunyu amapatsirana m'malovu. Ndinene pano poyera kuti sapatsirana, kaya m'malovu, kaya mu mpweya, kaya pomugwira wodwalayo. Koma bodza limeneli linakwatirana ndi liwulo, ndipo kuwalekanitsa si ntchito ya tsiku limodzi.

Ndinamvapo munthu wophunzira bwino akuyesa kufewetsa nkhani ponena kuti "kakhunyu chabe". Anatsata petit mal uja. Apa ndikana kwamtuwagalu. Mphatikiram'mbuyo ka- m'chinenero chathu sangochepetsa msinkhu, amachepetsanso ulemu ndi kufunika kwa chinthu. Kachilonda sitipita nako kuchipatala, kachifuwa timangokamwera madzi a mandimu. Mukati kakhunyu mwamuuza kale kholo kuti mankhwala ndi osafunika kwenikweni. Komatu mwana amene amaima masekondi 10 ali pakati pa msewu umene njinga zamoto zikudutsa, kapena ali m'madzi ofika m'khosi ku Meponda, kapena atanyamula mphika wa phala lotentha, alibe kanthu kakang'ono. Madokotala okha analitaya dzina la petit mal m'mabuku awo a masiku ano. Ife tisatole zimene eni ake anataya kudzala.

Kukomoka ndi liwu limene amayi ambiri amathamangira, ndipo ndi lotakata ngati chitenje cha mapisi atatu. Timakomoka ndi njala, timakomoka pamaliro, mwana amakomoka thupi likatentha kwambiri, wodwala malungo aakulu amakomoka masiku awiri osadzuka. Kuno ku Niassa, namwino akamva kuti mwana amakomoka maganizo ake amayamba athamangira ku malungo, ndipo sakulakwa, chifukwa ndiwo amatha ana. Amubaya chala, aona kuti malungo mulibe, abwerera kwawo nkhani yeniyeni isanayambe. Njirinjiri ndi chifufu onse amanena za kugwedezeka kwa thupi. Amene amasakaniza ndi Chipwitikizi amati mwana ali ndi ataque, ena anatola doença da lua, matenda a mwezi, ngati kuti mwezi uli kumwambawo uli ndi gawo pa ubongo wa mwana. Onsewa ndi mawu a munthu wakugwa. Mwana wosagwa alibe dzina pakati pawo.

Popeza kuchipatala alibe dzina, kusukulu ndi kunyumba anamupatsa ambiri. Wobalalika. Wolota masana. Wopepera. Wogona m'mutu. Nkhutukumve. Mphwangayu anawasenza onsewa chaka chathunthu, ndipo ine ndemwe, atsibweni ake, ndinamukalipirapo tsiku lina nditamutuma mchere iye n'kungondiyang'ana. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Mayina amenewa ndi zigamulo, mlandu usanazengedwe. Chonsecho kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mwana wobalalika mukamutchula dzina mokweza kapena kumukodola, amadzidzimuka n'kuchita manyazi. Amabalalika pa zinthu zomutopetsa, pa masamu a masana dzuwa likuswa mtengo. Simudzamuona akubalalika ali pakati pa fulaye mpira ukubwera, kapena mwendo uli m'mwamba pa phada, kapena nthongo ya nsima ili panjira yopita kukamwa. Uyu wathuyu zimamupeza paliponse, ngakhale pakati pa nthabwala imene akuikamba yekha.

Tsopano tifike pamene liwu limasanduka piritsi. M'zipatala zambiri za m'maboma ndi m'midzi mulibe makina a EEG. Wogwira ntchito kumeneko nthawi zambiri saona ndi maso ake zimene zimamuchitikira mwanayo, amadalira pakamwa pa kholo. Kuno ku Lichinga nkhani imodzi imatha kudutsa m'zinenero zitatu isanafike papepala: mayi alankhula Chinyanja kapena Chiyao, wina wapafupi atembenuza, wolemba ndi munthu wa Chipwitikizi amene mwina kwawo ndi ku Beira kapena ku Quelimane. Pa mlatho uliwonse pamagwa kanthu. Mlongo wanga ulendo woyamba anapita pa chipatala china chaching'ono n'kunena zimene apongozi ake anamuuza, kuti mwanayu wayamba khunyu. Womasulira anati ataques. Anapatsidwa mapiritsi a matenda akugwa, ndipo pasanathe milungu iwiri mwana uja ankaima kowirikiza kuposa kale. Wopereka mankhwalayo anayankha funso limene anafunsidwa.

Izi zili ndi chifukwa chake chodziwika. Carbamazepina ndi mankhwala abwino kwambiri pa mitundu ina ya khunyu, koma pa mtundu uwu amawonjezera vuto. Fenitoína chimodzimodzi. Fenobarbital, amene wakhala akuthandiza akugwa kuyambira 1912 ndipo ndi wotchipa, kwa ana awa sathandiza. Amene amagwira ntchito ndi atatu: etossuximida, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, valproato de sódio, amene mphamvu yake yoletsa khunyu inatulukiridwa mwangozi ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndi lamotrigina wa m'ma 1990. Mu 2010 Tracy Glauser ndi anzake ku America anafalitsa kafukufuku wa ana 453 amene anagawidwa m'magulu atatu. Patatha milungu 16, mankhwala anali akuyenda bwino kwa ana 53 pa 100 alionse a etossuximida, 58 a valproato, ndi 29 okha a lamotrigina. Koma ana a valproato ambiri ankavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi poyerekeza ndi a etossuximida, n'chifukwa chake madokotala amayamba ndi etossuximida kumene akupezeka. M'maiko athu ano sapezeka wamba, ndiye kawirikawiri amene amaperekedwa ndi valproato. Iyeyu alinso ndi ubwino wina: mwana akakhala kuti amaima komanso nthawi zina amagwa, valproato amatchinga zonse ziwiri, pomwe etossuximida amatchinga kuimako kokha.

Mwaona kuti mayinawa ndawalemba monga alembedwera pa mabokosi a kuno. Tsidya la Malawi mudzawapeza m'kalembedwe ka Chingerezi, ethosuximide, sodium valproate, carbamazepine, koma ndi omwewo. Ine amene ndimalimbikira kuti chilichonse chinenedwe m'chinenero chathu, apa pokha ndikuti dzina la mankhwala lisiyeni mmene lilili. Lolani lilime lipunthwe. Chimene sindifuna kumva ndi chija timachita pawindo la mankhwala: "Ndipatseni toyera tija, tating'onoting'ono." Toyera tating'ono tilipo mitundu makumimakumi, ndipo tina mwa ito ndi tomwe tingamuwonjezere mwana vuto. Lembani dzinalo pachikuto cha kope, kapena nyamulani bokosi lakale.

Nanga kholo linene chiyani likafika pamaso pa dokotala? Apa ndi pamene chinenero chathu chili ndi chuma chimene timachinyoza tokha: mivekero. Munthu akangophunzira pang'ono amaiona mivekero ngati zolankhula za agogo pamtondo, ndipo akalowa m'chipatala amaivula pakhomo ngati nsapato zamatope, n'kuyamba kusakasaka mawu akuluakulu. Kumeneko ndiye kutaya mkondo nyama ili pafupi. Tamverani kusiyana kwake. Wina anagwa khu, thupi gwa, kenaka njenjenje. Wina anangoti duu, maso dwii, zikope phethiphethi. Ndani angasokoneze awiriwa? Palibe liwu la Chipwitikizi limene lingajambule msanga chonchi. Ndipo mivekeroyo ili ndi malire ake ofunika kuwasunga. Ndwii ndi wa munthu wokwiya kapena wodandaula, amene akukumvani koma sakufuna kuyankha. Kakasi ndi wa munthu amene waona kapena kumva chodabwitsa n'kusowa chonena. Tong'o ndi maso otuzuka a munthu amene akuonadi chinthu. Mwana wathuyu sanakwiye, sanadabwe, sakuona kanthu. Wake ndi duu.

Komabe duu payekha sakwanira, ndipo apa ndikupemphani mutchere khutu. Pali mtundu wina wa khunyu umene nawonso munthu amangoti duu osagwa, koma gwero lake ndi mbali imodzi ya ubongo, mwina pamene panatsala chipsera cha malungo a mu ubongo, cha kuvulala pobadwa, kapena cha mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba. Umenewo umatenga mphindi yathunthu kapena kuposa. Wodwala amatha kumva kuti zikubwera, ena amati china chake chikukwera kuchokera m'mimba. Amafunyafunya malaya, ndipo zikatha amakhala wosokonezeka, wotopa, wofuna kugona. Kwa ameneyo carbamazepina uja ndiye mankhwala oyenera. Anthu awiri, onse duu, mankhwala a wina ndi chiphe kwa mnzake. Chowalekanitsa chili m'mawu awiri amene timawagwiritsa ntchito mosasamala.

Loyamba ndi pang'ono. Pang'ono wathu amatambasuka ngati mphira. "Dikirani pang'ono" amatha kukhala kuphethira kwa diso, amathanso kukhala kuchoka m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kanthawi n'chimodzimodzi. Dokotala akafunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji, yankho lakuti "pang'ono pokha" silinamuuze kanthu. Werengani chamumtima zikayamba, ndipo mukanene kuti ndinawerenga mpaka 12. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani, kanemayo akalankhule yekha.

Lachiwiri ndi kutsitsimuka. Timakonda kutsiriza nkhani ndi "kenaka anatsitsimuka". Koma kutsitsimuka ndi kubwerera pang'onopang'ono, ngati ndiwo zofota zikathiridwa madzi. Wotsitsimuka amayamba wafunsa kuti ndili kuti. Mwana wa matenda tikunenawa satsitsimuka ayi, amangopitiriza. Ngati anaima pakati pa liwu, amatha kulimaliza liwu lomwelo. Mukati anatsitsimuka mwamukankhira dokotala ku mtundu wina uja. Nenani chonchi: "Amangoti duu maso ali chitsegulire, ndikamuitana sayankha, ndikawerenga sindifika 15, kenaka amapitiriza zimene amachita ngati palibe chachitika, ndipo zimachitika kambiri tsiku lililonse." Chiganizo chimenechi mulibe liwu lachilendo ngakhale limodzi, koma dokotala wodziwa ntchito akachimva wadziwa kale kolowera.

Ulendo wachiwiri mlongo wanga anapita kwina, ndipo amene anamuona mwanayo anachita kanthu kosavuta. Anamupatsa pepala kuti aliuzire mwamphamvu mosalekeza kwa mphindi zitatu. Asanafike pakati, mwana uja duu, pepala lili m'manja, maso dwii. Patapita kamphindi anayambiranso kuuzira. Kupuma mofulumira chonchi kumaitana vutoli mwa ana ambiri amene ali nalo ndipo sanayambe mankhwala. Ndi njira ya kuchipatala imeneyo, si masewera oti ana azichitirana pabwalo.

Dzina ndiye liti? Ine ndikuti matenda a khunyu osagwetsa. Ndi lalitali, ndikuvomera, koma likunena zoona ziwiri nthawi imodzi. Khunyu alimo, kuti kholo lidziwe kuti ndi matenda a mu ubongo ofunika mankhwala. Osagwetsa alimo, kuti mayi uja asanene kuti wanga sanagwepo. Ndipo pa kuima kumodzikumodzi kuja, liwu limene linakhazikika m'banja mwathu ndi kudukiza. Tonse timadziwa mvula yogwa mosadukiza, ndiye kudukiza ndi kuleka kanthawi n'kupitiriza, ndendende zimene zimachitikazo. "Lero wadukiza kasanu." Mulibe mlandu m'menemo, mulibe chipongwe. Anzake kusukulu ankamuseka kuti netiweki yathawa, ndipo kunena zoona anajambula bwino kuposa akuluakulu tonse, kungoti liwu lobadwira m'chipongwe silingalowe m'kope la kuchipatala.

Mawu a mankhwala nawo ali ndi mbuna zawo. Timati mankhwala ochiza, ndipo malungo anatiphunzitsa kuti ukamwa masiku atatu wamaliza, wachira. Awa sachiza mwa njira imeneyo. Amatchinga, ngati mpanda wa dimba umene umafunika kukhalapo tsiku lililonse mbuzi zikadalipo. Mwana akatha mwezi osadukiza sitinena kuti wachira, timati mankhwala akugwira. Nkhani yabwino n'njakuti ana ambiri matendawa amawasiya okha akamafika pa unyamata ndi utsikana, ndipo dokotala akaona kuti padutsa zaka ngati ziwiri popanda kudukiza amayamba kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu. Amachepetsa ndi dokotala, osati azakhali. Chiganizo chakuti "mankhwala atha" chisamalidwenso, chifukwa chili ndi mitu iwiri. Wina akutanthauza kuti botolo lauma, wina akumva kuti ntchito yatha. Nenani kuti botolo latsala pang'ono kutha, ndipo mukatenge ena lisanaume.

Palinso timbuna ta kalembedwe. Mawa ndi m'mawa amasiyana ndi kachizindikiro kamodzi ndi chilembo chimodzi, koma "amwe mawa" ndi "amwe m'mawa" ndi malangizo awiri osiyana. Olemba mauthenga pafoni anazolowera kumeza kachizindikiroko. Kawiri pa tsiku si awiri pa tsiku: koyambako ndi nthawi ziwiri, kwachiwiriko ndi mapiritsi awiri amene wina angawameze limodzi. Wolemba bwino alembe kuti limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Supuni ndiye musaitchule n'komwe pa mankhwala amadzi, chifukwa m'nyumba imodzi muli ya tiyi, ya phala ndi yopakulira ndiwo, zonse dzina limodzi. Mlingo wa mwana umatsata kulemera kwa thupi lake, ndipo umayezedwa ndi kachikho kapena kachubu kolembedwa manambala kamene kamabwera ndi botolo.

Pa zovuta zobwera ndi mankhwala tili ndi mawu athu okoma amene safunika kulowetsedwa m'malo: mankhwala sakumuyanja. Etossuximida akapanda kumuyanja mwana, kawirikawiri ndi m'mimba, nseru ndi kusafuna kudya. Valproato amanenepetsa, amanjenjemeretsa manja, ena tsitsi limathothoka, ndipo mwa apo ndi apo amavulaza chiwindi, moti mwana akayamba kusanza kwambiri, kufooka kapena maso kuchita chikasu, m'thamangitseni kuchipatala. Lamotrigina amayambidwa pang'onopang'ono chifukwa cha zidzolo, zimene zikatuluka siziyenera kugonetsedwa. Koma sakumuyanja ndi mawu okanena kwa dokotala, si chilolezo chosiyira mankhwala panyumba.

Liwu lomaliza ndi kukula, ndipo ndalisungira kumapeto chifukwa ndi la atsikana. Kwathu mtsikana akakula sitinena za msinkhu wokha, anamkungwi akudziwa chimene tikutanthauza. Ndiye dokotala akati zidzatha akakula, mayi amamva kuti tsiku limene mwana adzathe msinkhu mankhwala atayidwe. Si choncho. Chimene chiyenera kumveka n'chakuti mtsikana amene akumwa valproato akatha msinkhu abwerere naye kuchipatala mukakambirane, chifukwa mankhwalawa amavulaza mwana wa m'mimba. Mwa ana 10 obadwa kwa amayi amene ankamwa valproato ali oyembekezera, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema, ndipo ochulukirapo amachedwa kulankhula ndi kuphunzira. Izi zinenedwe m'mawu osazungulira, mayi ndi mwana ali pomwepo, ngakhale mwambo wathu umakonda kuphimba nkhani zotere ndi nsalu.

Kuno ku Mozambique odwala khunyu amaonedwa ku gawo la saúde mental, nthawi zambiri ndi akatswiri otchedwa técnicos de psiquiatria, ndipo kuyambira 2014 unduna wa zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unayamba kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono kuti nawonso azithandiza odwalawa. Ndi ntchito yabwino. Koma tamvani mmene timamasulira chikwangwani cha pakhomopo: "Akutitumiza kwa amisala." Ndi mawu amenewo makolo angati abwerera panjira? Mwana wodukiza si wamisala, ndipo khomo limenelo si la amisala okha. Tiziti ku chipinda cha matenda a mu ubongo.

Chinyanja chinalowa m'kalasi m'dziko muno poyesera ku Tete mu 1993, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anafalikira m'zigawo zina. Wailesi ya Rádio Moçambique kuno ku Lichinga imaulutsa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa. Tsidya linalo ku Zomba kuli a Centre for Language Studies amene anatipatsa mtanthauziramawu. Onsewa ndikuwapempha kuti dzinali aliyese pakamwa, akapeza loposa langali ndidzalilandira ndi manja awiri, bola lisakhale lojomba, losowa kapena la ka-.

Koma amene ndikumudandaulira kwambiri ndi inu aphunzitsi a makalasi oyambirira, chifukwa mwanayu mumakhala naye maola ambiri akuyang'ana kwa inu. Musanalembe m'kope kuti ndi wobalalika, musanatole kamtengo, m'tchuleni dzina kawiri, mum'gwire paphewa. Akapanda kucheuka, werengani chamumtima mpaka abwerere, lembani nambalayo, ndipo muitanitse makolo ake.